Kulondola chimbale choyamba cha Arctic Monkeys ku Sheffield

Lachinayi: kuchoka ku Manchester

Sitima zothamanga zochoka ku Manchester Piccadilly sizikwanitsa n'komwe ola kuti zifike ku Sheffield, koma ife takwera yoimaima ija chifukwa achimwene amafuna aone mapiri bwinobwino. Edale, Hope, Bamford, Hathersage, Grindleford. Kunja nkhosa ndi mipanda ya miyala, m'kati anthu a nsapato zamatope akukwera ndi kutsika ndi agalu awo. Ukangochoka pa Grindleford sitima imalowa mumphanga ya Totley, makilomita oposa 5 mumdima wokhawokha, ndipo potulukira uko umapeza mzinda wayamba kale.

Chatibweretsa kuno ndi chimbale chimodzi basi. Pa 23 Januwale 2006 anyamata anayi a mumzinda uno, odzitcha Arctic Monkeys, anatulutsa chimbale chawo choyamba, Whatever People Say I Am, That's What I'm Not. M'sabata yoyamba yokha anagulitsa makope 363,735. Kufikira nthawi imeneyo ku Britain kunali kusanaonekeko chimbale choyamba cha woimba aliyense chogulidwa mwaliwiro lotere. Omwe anali pamwamba iwowa asanabwere anali a Hear'Say, gulu lochita kusankhidwa pa mpikisano wa pa TV mu 2001, lomwe dziko lonse linali litalizolowera kale m'maso chimbale chawo chisanatuluke. Anyamata a ku Sheffield awa, ngakhale pa Top of the Pops, pulogalamu yomwe oimba ankachita kulimbirana, anakana kukaonekera. Kumbuyo kwawo kunali Domino, kampani yaing'ono yoima payokha, ndipo pa anayiwo panalibe amene anali atapitirira zaka 20.

Mayina ndiwatchuliretu lero kuti mawa tisamavutike. Alex Turner, woimba mawu, wolemba nyimbo, wolizanso gitala. Jamie Cook pa gitala. Matt Helders pa ng'oma. Andy Nicholson pa bezi. Ambiri amadziwa dzina loyambalo n'kuthera pomwepo, ndipo achimwene zimenezi zimawanyansa. Iwo ndi woliza bezi kutchalitchi, ndiye nyimbo ikamalira khutu lawo limathamangira pansi, kwa bezi ndi ng'oma, pamene ine ndimakakamira mawu. Mkangano wathu pa chimbale chimenechi ndi wakalekale, tangoti tikaupitirizire komwe nyimbozo zinabadwira.

Ukatuluka m'siteshoni n'kucheuka, pamwamba pa phiri pali Park Hill, chinyumba chosanjikizana cha simenti chomwe chinatsegulidwa mu 1961. Tinasiya zikwama kogona n'kukwera komweko dzuwa lisanalowe. Kanema wa nyimbo yotsegulira chimbalechi, The View from the Afternoon, anajambulira kumeneku: mnyamata ali yekhayekha pabwalo pakati pa nyumbazi, akuomba ng'oma osalekeza.

"Waona chemwali?" anatero achimwene, akupuma wefuwefu. "Nyimbo yoyamba, kanema wake wa ng'oma. Eni ake akudziwa pamene pagona mphamvu."

Sindinawayankhe, mpweya unali utandithera. Mzinda uno ndi zitunda zokhazokha.

Lachisanu: pakati pa tawuni

Trippet Lane ndi kamsewu kobisala kuseri kwa West Street, koti wosadziwa angakadutse osatembenuka. Pamenepo pali The Grapes, bala yakale, yaing'ono. M'chipinda cham'mwamba mwake ndi momwe anyamatawa anaimba koyamba pamaso pa anthu, pa 13 Juni 2003. Sanali eni shoo, ankangotsegulira gulu lina. Nyimbo zina zinali zawo, zina zobwereka kwa magulu omwe ankawakonda. Malipiro ake mapaundi 27. Achimwene anawerengera pa zala n'kupeza kuti aliyense sanakwane mapaundi 7.

"Komabe analandira," anatero. "Ife zaka zonsezi timangolandira zikomo ndi madalitso."

Masiku ano m'mwambamo simuimbanso magulu. Tinakhala pansi pang'ono, ndipo bambo wina wachikulire pa tebulo loyandikana, atamva chomwe tabwerera, anaseka. Akuti anthu a mu Sheffield olumbira kuti analipo usiku umenewo angadzaze bwalo la mpira la Hillsborough, chonsecho chipindacho anthu makumi ochepa chabe chinkakhala chadzaza. Anatilozera ku Broad Lane, komwe kuli Fagan's, bala ya khoma lojambulidwa nkhalamba ziwiri zikupsompsonana, ntchito ya Pete McKee. Helders ndi mmodzi wa omwe anasonkherana n'kuitenga mu 2023 oyendetsa ake akale atapuma.

Kuchoka apo tinatsetsereka mpaka Snig Hill, ulendo wosatopetsa. Apa panali The Boardwalk, yomwe inatsekedwa mu 2010. Kale kwambiri inkatchedwa Black Swan, ndipo ndi momwe gulu la The Clash linaimba koyamba pa 4 Julayi 1976, akutsegulira Sex Pistols. Kwa ine malo awa ndi ofunika kuposa The Grapes, chifukwa Turner ankagwira ntchito muno, kuthira mowa. Tangoganizani, usiku ndi usiku mnyamata ali kuseri kwa kauntala, akutsuka matambula, akuonera magulu akusinthana pa siteji. Ambiri anali ana a m'madera omwe ano, koma akagwira maiki lilime linkasanduka la ku America. Nyimbo ya Fake Tales of San Francisco ndi yoseka anthu amenewa. M'momuno anaoneranso John Cooper Clarke, mlakatuli wa ku Salford amene amalakatula mwaliwiro m'kalankhulidwe ka kwawo, ndipo Turner wakhala akunena poyera kuti bambo ameneyu anamutsegula maso. Iye anasankha kuimba momwe amalankhulira ndi anzake pa basi. Amene munaphunzira Chingerezi cha m'buku, nyimbo izi ulendo woyamba mungamve theka lokha. Koma ana a kumpoto kwa England anamva munthu akuimba ndi pakamwa pawo.

Tsono nkhani ya ma CD, yomwe kwa ine ndi phata la zonse. Anyamatawa akapeza kandalama ankapita ku 2fly, kasitudiyo ka Alan Smyth ku John Street, chapafupi ndi bwalo la mpira la Bramall Lane, n'kujambula nyimbo zochepa. Akatero ankazikopera pa ma CD n'kumagawa ulere pa shoo iliyonse. Ma CD ankachepa, ofuna ankachuluka, ndiye amene walandira ankaika nyimbozo pa intaneti kuti anzake apeze nawo. Mapeto ake nyimbo 18 zinasonkhana pamodzi n'kumayenda ndi dzina loti Beneath the Boardwalk, dzina lomwe silinachoke kwa eni gulu koma kwa owatsatira. Eni ake sanaletse. Ankati nyimbo zoyeserera sanazijambule kuti apange nazo ndalama, ndipo shoo imakoma anthu akamadziwa mawu.

Atolankhani a nthawi imeneyo anakonda kulemba kuti ili ndi gulu lotchukira pa MySpace, tsamba la mchezo la pa intaneti. Anyamatawo anachita kufotokoza kuti tsambalo anatsegula ndi owatsatira, iwo sankadziwa n'komwe kuti MySpace n'chiyani. Ine ndimaona kuti intaneti anaipatsa ulemu woposa msinkhu wake. Inathandiza kunyamula, inde, koma magulu zikwizikwi anaika nyimbo zawo pomwepo osamveka. Apa chinayamba ndi CD yochoka m'dzanja kupita m'dzanja, munthu atangoona shoo thukuta lili kamukamu, n'kufuna kuti mnzake amve zomwe iye wamva. Pofika Ogasiti 2005, pa zikondwerero za Reading ndi Leeds, tenti yomwe anawapatsa inasefukira, anthu akuimba mawu onse a nyimbo zomwe zinali zisanafike m'sitolo. Ndipo ambiri mwa omwe anathamangira kukagula chimbale mu Januwale nyimbozo anali nazo kale. Analipira chinthu chomwe anali atachipeza ulere.

Achimwene apa anangopukusa mutu. "Ife tikajambula nyimbo timaifungatira ngati nkhuku pa mazira, kuopa kuberedwa. Chaka chimatha anthu osaimva."

Pobwerera kogona tinadutsa pa Paternoster Row, pomwe pali nyumba yooneka ngati ng'oma zinayi zachitsulo. Inamangidwa kuti ikhale National Centre for Popular Music, malo osungira mbiri ya nyimbo, ndipo inadya mapaundi 15 miliyoni. Inatsegulidwa mu 1999, mu 2000 n'kutsekedwa chifukwa anthu sankabwera, kenako inasanduka malo a ophunzira a Sheffield Hallam University. Mzinda wobala The Human League, Def Leppard ndi Pulp, anthu ake sanafune kukaonera nyimbo m'magalasi. Patangotha zaka zitatu, m'kachipinda ka m'mwamba mwa bala, ena anali kugawana mapaundi 27.

Loweruka: High Green, kenako usiku wa m'tawuni

Sitima yolowera ku Barnsley imaima pa Meadowhall, chimsika chomwe anatsegula mu 1990 pomwe kale panali mafakitale a zitsulo, kenako Chapeltown. Tinatsika pamenepo n'kuyamba chikweza cha ku High Green wapansi. Ndi makilomita pafupifupi 13 kumpoto kwa pakati pa Sheffield, kumene mzinda ukuthera ndipo nkhalango ndi minda zayamba. Kale anthu akuno ankadya za malasha ndi chitsulo. Kampani ya Newton Chambers ku Thorncliffe, pafupi pomwepa, inkapanga mpaka akasinja pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Lero ndi dera logonako anthu ogwira ntchito kwina.

Kunena zoona kulibe choti munthu aone. Nyumba za njerwa zophatikana ziwiriziwiri, kapinga wometedwa, mabini oimikidwa pamzere, bambo akutsuka galimoto, ana akukankha mpira pakapinga. Sitinafunse za nyumba za makolo a anyamatawa, ndipo amene mudzabwere musadzafunse, ndi makomo a anthu amenewo. Tinangoyenda, n'kukhala pa benchi, achimwene n'kumafotokoza zomwe ndikuzidziwa kale.

Turner ndi Cook analandira magitala pa Khirisimasi ya 2001. Chaka chotsatira gulu linayamba, kumayeserera m'magalaja a kwawo. Turner, Helders ndi Nicholson anaphunzira limodzi ku Stocksbridge High School. Makolo a Turner onse awiri anali aphunzitsi, ndipo iye anaimitsa kaye zopita ku yunivesite kuti aone ngati za gululi zingatheke. Cook ankagwira ntchito yoika matailosi. Helders ng'oma sanazisankhe chifukwa chozikonda, anazitenga poti zida zina anzake anali atagawana kale. Apa ndi pomwe achimwene amaimirira akamafotokoza.

"Munthu kuyamba ng'oma chifukwa chosowa chogwira, zaka zitatu zokha n'kumaomba zija? Ndiponso akuimba mawu othandizira nthawi yomweyo? Ameneyo sankagona, chemwali. Iwe umangomva Turner, Turner."

Ndinawauza kuti ng'oma za Helders sindinazinyozepo. Koma kukhala pa benchi ija ndinaona china chomwe m'chipinda mwanga sindikanachiona. Chimbale ichi sichikamba za High Green, komanso sichikamba za tawuni payokha. Chikukamba za kupita ndi kubwera. Mnyamata wa pakati pa mzinda sakanachilemba, poti iye usiku ukatha amangoyenda wapansi mpaka kwawo. Wa ku High Green amayamba kukonzekera masana, foni ili m'manja, kudikira uthenga. Akafika kutawuni ndi mlendo pang'ono, amaona zonse ndi maso a munthu wochokera kunja: mzere wa pakhomo, mabaunsa osankha nkhope, mtsikana amene sakumuyang'ana, apolisi ndi galimoto yawo. Kenako pamabwera nkhawa ya basi yomaliza, ndalama ya takisi, ndi oti agawane nawo mtengo. Nyimbo zambiri mwa 13 zija zikuyenda m'njira imeneyi, kuyambira masana mpaka mbandakucha.

Ndiye usiku tinapita kukaziona. West Street ndi Division Street cha m'ma 11 koloko, kuzizira koti ine ndavala majuzi awiri, koma atsikana ali ndi madiresi opanda manja, anyamata malaya okhaokha, palibe wanyamula jekete. Pakhomo lina mabaunsa awiri, mmodzi wosekerera, wina nkhope gwa. Gulu la anyamata linafika, anayi analowa, wachisanu anamubweza. Chifukwa chake sitinachimve, ndipo mwini wakeyo ankaoneka kuti sanachimvenso. Anaima pambali, manja m'thumba, akuyang'ana nsapato zake, kenako anavula juzi n'kuimangirira m'chiuno n'kukaimanso kumapeto kwa mzere ngati munthu watsopano. Achimwene anandigwira pamkono. Nyimbo ya From the Ritz to the Rubble imayambira pakhomo lotere, ndipo zaka zonsezi palibe chasintha kupatula mafoni.

Pobwerera tinakwera takisi yakuda ija ya mipando yoyang'anana. Pa chitseko pali kanyali kakang'ono ndi kapepala kochenjeza kuti kakayaka kofiira ndiye kuti zitseko zakhomedwa. Galimoto itangonyamuka kanayaka, loko n'kulira kuti khe. Mutu wa nyimbo ya Red Light Indicates Doors Are Secured anautenga pa kapepala kameneka, ndipo nyimbo yonseyo ndi macheza a anyamata oledzera m'takisi yopita ku High Green kudzera ku Hillsborough, maso ali pa mita. Kapepala koti anthu mamiliyoni anakawerenga osakaona. Pamenepa mpomwe ndimati Turner ndi Turner, kaya achimwene afune asafune.

Lamulungu: Neepsend

Mvula kuyambira m'mawa. Tinayenda m'mbali mwa mtsinje wa Don kudzera ku Kelham Island, pomwe chimphika chachikulu chosungunulira chitsulo, cha mtundu wa Bessemer, chaima pakhomo pa nyumba yosungira zakale. Kuwoloka mlatho ndiwe uli ku Neepsend. Yellow Arch Studios ili pa Burton Road, m'fakitale yakale, khomo lake lopaka chikasu monga dzina likunenera. Anyamatawa atatuluka m'magalaja ankayeserera muno. Nthawi imeneyo dera lino linkati kukada misewu yake n'kukhala ya amayi oyendayenda ndi magalimoto oyenda pang'onopang'ono. When the Sun Goes Down inachokera pa zomwe ankaona potuluka ndi magitala usiku. Chimene ndimaikondera nyimboyi n'choti chala chake sichiloza mayiyo, chimaloza bambo womudyera masuku pamutu. Kwa mnyamata wa zaka 18 kapena 19, amenewo ndi maso akuthwa. Lero mafakitale ambiri asanduka malo odyera, ofululira mowa ndi nyumba zogona za anthu opeza bwino.

Tinabisala mvula penapake n'kumakamba za makampani. Mu Meyi 2005 anyamatawa anatulutsa okha Five Minutes with Arctic Monkeys, nyimbo ziwiri, makope ochepa chabe, pa kakampani kawokawo kotchedwa Bang Bang Recordings. Makampani akuluakulu a ku London anali atayamba kale kununkhiza, koma anyamatawa ankakana ngakhale kulowetsa ulere nthumwi zawo pa shoo. Mu Juni anasaina ndi Domino, yomwe Laurence Bell anaiyambitsa mu 1993. Chinawakopa n'choti mkuluyu ankangotenga magulu omwe iye mwini akuwakonda. Tisanamizane kuti Domino inali yosauka, chifukwa chaka cha 2004 inali itapha makwacha ndi chimbale choyamba cha Franz Ferdinand, ndiye mphamvu yofikitsa CD m'sitolo iliyonse inali nayo. Kusiyana kwake n'koti panalibe wowauza kuti asinthe kalankhulidwe, avale zakuti, kapena afewetse magitala kuti wailesi iwakonde. I Bet You Look Good on the Dancefloor inatuluka pa 17 Okutobala 2005 n'kulowera pa nambala 1. When the Sun Goes Down inachitanso chimodzimodzi mu Januwale. Chimbale chinayenera kutuluka pa 30, anachifulumizitsa ndi sabata yathunthu.

Pachikuto sanaikepo nkhope zawo. Anaikapo mnzawo Chris McClure, maso olemera, ndudu ili pakamwa, chithunzi chojambulidwa m'bala ya Korova ku Liverpool atachezera kumwa. Mkulu wina wa zaumoyo ku Scotland anadandaula kuti chikulimbikitsa kusuta. Pa 1 Julayi 2007 England inaletsa kusuta m'mabala, kotero chimbalechi chinagwira zaka zomaliza za utsi uja. Mutu wake anautapa m'buku la Alan Sillitoe la 1958, Saturday Night and Sunday Morning, lokamba za mnyamata wa m'fakitale ku Nottingham.

Mvula itakata tinakwera mpaka pomwe Fargate ikumana ndi Church Street, pa Coles Corner, pomwe zibwenzi za kale zinkadikirirana. Richard Hawley, woimba wina wa mumzinda uno, anatcha chimbale chake cha 2005 dzina la malowa. Mu Seputembala 2006 zimbale ziwirizi zinapikisana pa Mercury Prize, mphoto ya chimbale chopambana pa chaka, ndipo anyamatawa atapambana, Turner anayamba n'kunena pa maiki kuti wina aitane apolisi poti Hawley waberedwa.

Lolemba: South Thoresby

Kuno sitima sifika, ndiye tabwereka galimoto. Maola awiri ndi kanthu kulowera kum'mawa, kudzera ku Lincoln komwe tchalitchi chachikulu chimaonekera patali pamwamba pa phiri, kenako Horncastle, kenako timisewu topapatiza toti mukakumana ndi thalakitala wina abwerere m'mbuyo. South Thoresby ndi kamudzi kakang'ono m'zitunda za Lincolnshire Wolds, pafupi ndi Alford. Chapel Studios ndi tchalitchi chakale chomwe anachisandutsa situdiyo, yokhala ndi malo ogona oimba. Ndi malo antchito, si oonerera, choncho tinangoima pamsewu. Achimwene anati situdiyo ya m'tchalitchi sangaidabwe, poti theka la oimba a padziko lapansi anayambira kutchalitchi.

Chimbale chonunkha mowa ndi utsi wa tawuni chija anachijambulira kuno, pakati pa minda, mu Seputembala 2005, ndi katswiri wojambula nyimbo Jim Abbiss. Zinatenga pafupifupi masabata awiri, nyimbo imodzi patsiku, nthawi zambiri onse anayi akuliza pamodzi. Nyimbo ya Mardy Bum yokha ndi ya m'manja mwa Alan Smyth wa ku 2fly uja. Liwiro lotere linatheka chifukwa nyimbozo anali ataziimba pamaso pa anthu kwa nthawi yaitali, zala zinkadziwa zokha kopita. Ntchito ya Abbiss sinali yomanga nyimbo, inali yogwira zomwe zinkachitika pa siteji osaziziziritsa. Ukamvetsera bwino, nyimbo zina zimachita ngati zikufuna kuthawa eni ake, ndipo palibe anazibweza. Zonse pamodzi mphindi 41.

Mphindi zimenezo tinazimvera m'galimoto, titaima m'mbali mwa munda, achimwene atakweza bezi mpaka chitseko kunjenjemera. Aka kanali kanthawi kawo ndipo ndinawasiya. Pa Dancing Shoes anaimitsa n'kubwereza poyambira, pomwe pali ng'oma ndi bezi zokha magitala asanalowe. Pa Fake Tales of San Francisco anandiuza nditseke khutu ku mawu, ndione kuti anthu amavina chiyani. Ndi bezi. Magitala a Cook ndi Turner amangobaya apa ndi apo, mwachidule, wina kumanzere wina kumanja, koma chonyamula nyimbo ndi chingwe chokhuthala chija. Pa A Certain Romance, yotsekera, Helders amayamba yekha ndi mkokomo, magitala n'kulowa mwaukali, kenako zonse zimagwa pansi n'kutsala kuyenda kodumphadumpha komwe Nicholson akutsogolera.

"Samadzionetsera," anatero achimwene, zala zikuyenda pa chiwongolero. "Saliza zambiri. Koma muchotsemo, uone ngati mawu a Turner wakoyo apeze pokhala."

Chimene chimawawawa ndi chomwe chinatsatira. Chimbale chinatuluka mu Januwale. Mu Meyi 2006 kunalengezedwa kuti Nicholson watopa ndi maulendo ndipo sapita nawo ku North America, malo ake agwirizira Nick O'Malley wa gulu la The Dodgems, mnzawo wa kwawo komweko. Mu Juni kunamveka kuti wachoka ndithu. Mercury Prize ya mu Seputembala, mphoto za Brit za 2007, kutseka usiku pa chikondwerero cha nyimbo cha Glastonbury chaka chomwecho, kuimba potsegulira Olympics ya London mu 2012, zonsezi zinamupita. Patapita zaka zambiri iye mwini anafotokoza kuti kuchokako sikunali kufuna kwake, ndipo kunamugwetsa m'maganizo kwa nthawi yaitali. Anadzaimbako ndi magulu a Mongrel komanso Reverend and the Makers, n'kulimbikiranso zojambula zithunzi. Ubale wake ndi anzakewo unadzabwerera pang'onopang'ono.

Apa ine ndi achimwene sitigwirizana. Iwo amati anzakewo anamutaya poti ndalama zinali zitayamba kulowa. Ine ndimati anali ana. Miyezi yochepa m'mbuyomo wina ankathira mowa, wina ankaika matailosi, kenako mwadzidzidzi ndege lero ndege mawa, Japan, America, aliyense akuwakoka. Kuima paokha kunawateteza kwa mabwana ofuna kuwasintha nyimbo, koma sikukanawateteza ku kutopa, kapena kuwaphunzitsa momwe ungamuuzire mnzako wa kusukulu kuti ulendo ukupitirira popanda iye. Achimwene akuti zaka 20 si mwana, munthu wa zaka 20 amadziwa kuti mnzake akumva kuwawa. Ndawakumbutsa zomwe iwo ankachita ali ndi zaka 20, andiuza kuti ndisalowetse za pabanja pa nkhani ya nyimbo.

Chomwe tonse tavomereza n'choti pa zimbale zonse za gululi, ichi chokha ndi chomwe anayi oyambirira aja alimo onse. Ndikulemba izi tili ku Alford, tikudikira chakudya. Galimoto ikufunika ibwezedwe 6 koloko isanakwane, ndipo achimwene akuti njira yonse yobwerera tiika Favourite Worst Nightmare, chimbale cha 2007 chomwe O'Malley analiza, kuti ndimve ndekha kusiyana kwa zala za anthu awiriwa. Ati ndikalephera kusiyanitsa, mafuta ndilipira ine.